Bala lapola kunja koma kunyumba akuti ndayamba ulesi

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilomoni mu Blantyre muno, pabanja ndakhalapo zaka 7 koma mphatso palibe, ndinangopitako padera kamodzi basi. Ndikulemba usiku anthu atagona chifukwa nkhaniyi ndikati ndiyambe kufotokozera munthu pamaso imangothera misozi. Lero ndakwanitsa masabata 5 chipangireni opareshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero, zija akuti ma fibroids.

Ndiyambe kumbuyo pang'ono kuti mundimvetse. Kwa zaka ngati zitatu ndikapita kumwezi zimatenga masiku 9 mwina 10, magazi ake osati masewera, kutuluka zimibulu ngati chiwindi, padi imodzi osatha nayo ola mpaka ndinayamba kuphatikiza ndi kachitenje. Mu minibasi ndinkakhala ndi mantha kuti ndikadzuka pampando pakhala bwanji. Chizungulire, mtima kuthamanga ndikangokwera kamtunda, kukodza pafupipafupi. Mimba inakula mpaka amayi ena kutchalitchi anandigwira dzanja amvekere Mulungu wayankha, ine kungoseka koma mkati ndikulira. Zitsamba ndamwa, kumapemphero a kuphiri ndapita, sindibisa. Mpaka tsiku lina ndinagwa pamsika ndi pomwe anandipanga sikani nkupeza zotupazo. Adokotala anandiuza kuti si khansa, ndi nyama chabe yomwe imamera pa khoma la chiberekero, akuti zimakonda kwambiri ife azimayi achikuda ndipo ambiri ali nazo osadziwa.

Opareshoni inachedwa kaye chifukwa magazi anali ochepa kwambiri, anandiika mabotolo awiri ndisanalowe ku fiyeta. Chomwe sindidzaiwala ndi pepala lomwe ndinasaina, analembapo kuti magazi akavuta kusiya atha kuchotsa chiberekero chonse kuti apulumutse moyo. Dzanja limanjenjemera. Ndiye nditatsitsimuka, dilipi ili pamkono, paipi ya mkodzo ili apo, pakhosi pouma gwaa, funso langa loyamba kwa anesi linali loti chilipo? Anati chilipo mayi, achotsa zotupa zokha. Mng'ono wanga yemwe anali gadiyani anazijambula pafoni zili m'kambale, zisanu, chachikulu ngati peyala, zinazo ngati mazira ndi mandimu. Chithunzicho ndimachionabe mpaka pano, kaya chifukwa chani.

Mawa lake lomwe anandidzutsa kuti ndiziyenda, akuti kugona kwambiri magazi amaundana m'miyendo. Ndinayenda chowerama ngati gogo nditagwira pamimba, kutsokomola kokha kumakhala ngati akung'ambanso. Ndinatuluka tsiku lachinayi ndipo malamulo anandiuza momveka bwino. Masabata 6 osanyamula cholemera, osasinja, osachapa mabulangete, osakhala malo amodzi ndi bambo. Mimba ndidikire miyezi 6 chifukwa anacheka mozama, akuti chiberekero chili ndi mabala ake mkati omwe amapola mochedwa kuposa la pakhungu, ndikatenga mimba msanga chitha kung'ambika mwana akamakula. Anatinso ndikadzakhala oyembekezera ndidzachilira ku mpeni, za kudikira matenda kunyumba ndiiwale.

Vuto ndi loti zonsezi ndinamva ndekha ndi mng'ono wangayo. Amuna anga nthawi imeneyo anali panja akusaka galimoto yotitenga.

Masabata atatu oyamba zinali bwino, mng'ono wanga amapanga chilichonse, ine kwanga kunali kumwa mapilisi a magazi aja odetsa chimbudzi ndi kudya chidede, bonongwe, chiwindi tikachipeza. Anesi anandiuza kuti ndisamamwere tiyi mapilisiwo chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi, ndiye ndimamwera madzi kenako nkudya lalanje kapena bwemba. Kenako mng'ono wanga anabwerera kumudzi ku Ntcheu, nayenso ali ndi ana ndi munda wake, mmalo mwake kunabwera apongozi anga akazi kuti adzandithandize. Azakhali, apa ndi pomwe payambira mavuto.

Tsiku loyamba anati tione balalo. Nditawaonetsa, kamzere chabe m'munsi mwa mchombo, ulusi anachotsa kale, pouma bwinobwino, amvekere aa apa ndiye mwachira kale. Basi kuyambira pomwepo ine ndine waulesi. Amati mwana wawo wamkazi anachilira ku mpeni koma sabata yachitatu anali akuchapa matewera, nanga inu opanda ndi khanda lomwe mukugonera chani. Mawu amenewo anandilasa kuposa mpeni wa adokotala. Lachiwiri lapitali madzi anasiya, ndinachita manyazi kuona munthu wamkulu akupita ku kiyosiki ine nditakhala pakhonde aneba akuona, ndiye ndinatenga chigubu cha malita 20 nkupita. Kusenza ndinasenza ndithu, koma potula ndinamva kukoka mkati kumanzere ngati chingwe chaduka, usiku wonse kupweteka, mawa lake timagazi pang'ono pa kabudula wamkati. Tinasiya patatha tsiku limodzi, thupi silinatenthe, bala silikutuluka mafinya kapena fungo, koma mpaka pano ndikaimirira nthawi yaitali pamakoka, ndipo pamwamba pa chipsera ndi padzanzi, ndikakhudza zimakhala ngati ndikukhudza munthu wina. Sindinauze aliyense chifukwa ayamba kuti ndikudzidwalitsa.

Kuonjezera apo kwa achimuna kwamveka mphekesera yoti anandichotsa chiberekero koma ndikubisa. Alamu anga ena anachita kundiimbira foni ngati akundizonda, kumapeto amvekere ndiye achimwene azingokhala choncho mpaka liti. Nkhani ya miyezi 6 ija iwo akuitenga ngati bodza langa logulira nthawi. Apongozi akuti njira yotsekera anthu pakamwa ndi imodzi, mimba ioneke chaka chisanathe, mpaka abweretsa mizu ina m'botolo akuti yotsuka m'mimba ndi kutsegula njira. Ndikumaithira kuseli kwa bafa iwo akapita kokacheza.

Amuna anga sindingawanamizire, si munthu oipa. Ndi iwo anathamanga kusaka ndalama za sikani, kuchipatala amabwera m'mawa ndi madzulo ndi phala mu fulasiki, masiku oyamba amandigwira popita ku bafa. Koma pamaso pa mayi awo amasanduka mwana. Ndipo nawonso ayamba kuwerenga masiku, akuti sabata yamawa masabata aja akwana 6 ndiye tiyambepo, zotupa zachoka nanga tidikiranso chani, zaka zikupita. Nditatchula za makondomu nkhope inasintha, akuti zaka 7 ndikufuna mwana lero ndizivala kondomu m'nyumba mwanga? Anagona atayang'ana kukhoma.

Chondivuta nchoti mbali ina akunena zoona. Adokotala omwewo anandiuza kuti zotupazi zimatha kumeranso pakapita zaka chifukwa zimakula ndi mahomoni a uzimayi, zimafota munthu akasiya kusamba, ndiye mpata wabwino otenga mimba ndi zaka zoyambirirazi. Ine mwana ndikumufuna kuposa onsewo, amene ndanyozedwa pa zinkhoswe ndi pamaliro ndine. Koma sindinagone pa tebulo lija kuti chiberekero chomwe anachipulumutsa chikaphulike ndi mwana mkati chifukwa chothamangira miyezi yochepa.

Mnzanga wina wa kumsika akuti ndingopita mwakachetechete kukabayitsa Depo bambo asadziwe. Koma ndinamva kusikelo ya zakulera kuti jakisoni ameneyu ukasiya ena amatenga pafupifupi chaka kuti abwerere mchimake, pa zaka zangazi chaka ndi chambiri. Mapilisi ndiye ndikabisa pati m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe apongozi amasesa mpaka kunsi kwa bedi? Ndipo akadzawapeza ndiye kuti mphekesera ija yasanduka ina yoipa kuposa, azidzati mkaziyu dala safuna kubereka, zaka zonsezi amalera mobisa.

Ya bizinesi ndingoitchula mwachidule. Ndimagulitsa kaunjika, belo ndimakaoda ku Limbe, kulikweza, kulitsitsa, kuyala, kuwerama tsiku lonse. Ndalama ya mpamba inapita ku matenda, ku banki nkhonde ndili ndi ngongole ndipo anzanga andipirira mwezi umodzi, wachiwiriwu sindikudziwa. Ndiye nanenso ndikudzikakamiza mumtima kuti mwina ndingoyamba.

Azakhali ndithandizeni. Kukoka kuja ndi timagazi tija ndidikire tsiku la cheki sabata yamawa kapena ndipite msanga, kodi nkutheka kuti ndinaphwasula za mkati ndi chigubu chija? Nanga amene anapangidwapo opareshoni imeneyi anayamba liti kunyamula zolemera ngati belo, masabata 6 akangokwana basi zonse zimaloledwa kapena umayamba pang'onopang'ono? Kutopaku nako, kungosesa pabalaza ndimakhala ngati ndalima, kumatha liti?

Koma chachikulu ndi cha bambowa. Ndikufuna apite nane ku cheki akamve okha kuchokera pakamwa pa adokotala kuti chiberekero chilipo komanso chifukwa chake tikuyenera kudikira, koma akuti ku wodi ya azimayi akukatani mwamuna, ndipo kuntchito sangawalole. Ndiwauze bwanji kuti asaone ngati ndikuwakaniza dala? Ndiitane ankhoswe pa nkhani ya kuchipinda ngati imeneyi, poti ankhoswe akuchimuna ndi mchimwene wa apongozi omwewo ndipo mawa lake mudzi onse udziwa? Ndipo apongoziwa ndingawabweze bwanji kwawo mwaulemu, poti anabwera m'dzina lodzandithandiza ndipo tsiku lobwerera sakulitchula?

Mukayankha musalembe dzina langa chonde, alamu anga amawerenga tsamba lanuli.

Ine mayi osowa mtendere,
Chilomoni, Blantyre