Masewero akale a Chiurdu: muyambire pati?

Okondedwa achemwali,

Moni wambiri kuchokera kuno kumudzi. Mwandifunsa za masewero oseketsa a Chiurdu amene anzanu a ku Pakistan akumawatamanda kumeneko. Yambani ndi Tanhaiyaan, kenako Ankahi. Aangan Terha muisiye komalizira, ngakhale ambiri adzakuuzani kuti ndiyo yoseketsa koposa.

Onse atatu ndi a PTV, wayilesi ya kanema ya boma la Pakistan yomwe inayamba kuulutsa ku Lahore mu 1964, ndipo anajambulidwa ku nthambi yake ya ku Karachi. Sali ngati aja a ku India ongopitirira chaka ndi chaka. Tanhaiyaan ili ndi magawo 13 okha, masabata awiri mwaimaliza.

Tanhaiyaan inatuluka mu 1985, wolemba wake ndi Haseena Moin. Atsikana awiri apachibale, Zara ndi Sanya, makolo awo amwalira pangozi, nyumba nkuwachoka m'manja, iwo nkukakhala kwa wachibale wawo Aani. Zara mtima wonse uli pa kupeza ndalama zoti awombolere nyumbayo. Chiphwete chili kwa Sanya, amene ali kalikiliki kufuna kuti Aani akwatiwe ndi bambo wina dzina lake Faran, komanso kwa Qabacha, mnyamata wachibwana yemwe anaseweredwa ndi Behroze Sabzwari. Ameneyu amaseketsa ndi nkhope ndi kayendedwe, ndiye mumaseka ngakhale Chiurdu musakuchimva. Nchifukwa chake ndati muyambire pano. Koma dziwiranitu kuti chakumapeto kuli misozi.

Ankahi, ya mu 1982, ndi ya wolemba yemweyo. Shehnaz Sheikh akusewera Sana, mtsikana wolota chuma amene alowa ntchito ya usekilitale asakuidziwa nkomwe, nkumasokoneza zinthu mu ofesi ya bwana wake Taimur. Muziwayang'anitsitsa amalume ake, omwe anaseweredwa ndi Saleem Nasir.

Tsono Aangan Terha. Analemba Anwar Maqsood mu 1984, nthawi ya ulamuliro wa asilikali wa Zia-ul-Haq. Poyang'ana pamwamba, ndi banja chabe: Mehboob Ahmed, mkazi wake Jahan Ara wosachedwa kupsa mtima, ndi wantchito wawo Akbar, katswiri wa magule amene luso lake linasowa msika. Amangokhalira kuyankhana mozaza pakhomo. Koma pansi pa mkanganowo pali kunyogodola boma, ndipo poti zinali zosatheka kunena poyera pa kanema wa boma lomwelo, zonse zinabisidwa m'mawu okuluwika. Mawu omasulira apansi pa kanema amapha nthabwala zotere. Imeneyi muonere limodzi ndi mnzanu womva Chiurdu, ndipo musachite manyazi kuimitsa kuti akufotokozereni.

Za kapezedwe kake, pa YouTube alipo, koma samalani. Ena anadula gawo limodzi m'zidutswa zingapo, ndiye chimodzi chikasowa nkhani imaduka. Sankhani amene anaika gawo lathunthu ndi manambala otsatana. Polemba dzina muziwonjezera "PTV" ndi chaka, chifukwa mu 2012 kunatuluka Tanhaiyan Naye Silsilay, yopitiriza nkhaniyo, ndipo mukayambira imeneyo mudziwiratu mathero a yoyamba. Musawononge data ndi HD: zithunzi zinachokera pa matepi akale, 360p ikukwanira. Chovuta ndi mawu, amene penapake amamveka motsika, choncho mahedifoni athandiza.

Mukafika pakati pa Tanhaiyaan mundilembere, ndimve ngati muli mbali ya Zara kapena ya Sanya. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa kumudzi