Lipoti la nthumwi yanu ku msonkhano waukulu wa bungwe la oyimba

A Wapampando, a komiti ya nthambi yathu ndi oyimba anzanga nonse,

Munandituma ndi nkhani zitatu: malipiro omwe timawathamangira shoo itatha kalekale, ndalama za umembala, ndi khalidwe la kulikulu lotikumbukira pokhapokha zisankho zikayandikira. Ziwiri ndinazinena ndi pakamwa panga. Yachitatu wina anandiphangira, ndipo anainena bwino kuposa mmene ine ndikanainenera.

Tsiku loyamba lonse linali la atsogoleri. A Mlembi Wamkulu anawerenga zomwe komiti yaikulu ikufuna kuika patsogolo, ndipo pamwamba penipeni panali ma royalty, ndalama zomwe woyimba amalandira nyimbo yake ikagwiritsidwa ntchito. Chilungamo chake, anakonzekera. Anatikumbutsa kuti pangano la ku Rome la 1961 ndi la WIPO (bungwe la United Nations loona za umwini wa zaluso) la 1996 amati chimbale chikaulutsidwa pa wailesi, amene anayimba m'menemo nayenso ali ndi gawo lake, m'maiko omwe anavomereza ndime imeneyo. Ife oyimba zida, amene dzina lathu silituluka n'komwe pachikuto, tisaiphonye mfundo imeneyi. Anafotokozanso kagawidwe ka Spotify, kampani yomwe anthu amamverapo nyimbo pa intaneti: ndalama zimalowa m'thumba limodzi, n'kugawidwa potengera kuti nyimbo zako zamveredwa kangati poyerekeza ndi za ena onse, ndipo kuyambira 2024 nyimbo yosamveredwa ka 1,000 m'miyezi 12 siitolerapo kanthu. Atanena zimenezi mu holo munangoti zii.

Koma pafupi nane panakhala woyimba ng'oma wa nthambi ina, maso ali pa foni nthawi yonseyo. Pa nthawi yopuma anandionetsa. Ankalemberana ndi pulomota amene sanamulipire shoo ya miyezi iwiri yapitayo. Mayankho ake ndi omwe tonse timawadziwa aja: mawa, abwana sanasaine, anthu analowa ochepa. Uthenga womaliza unali ndi timizere tabuluu tiwiri, yankho ayi. Kutsogolo akukamba za mapangano a maiko, mnzathuyu akuwerengera ngati angakwanitse kugula timitengo tatsopano toombera ng'oma. Zonse ziwiri ndi ntchito ya bungwe, koma komiti yaikulu yayang'ana kwambiri kumwamba, pamene membala chikumupweteka chili pansi pompano.

Tsiku lachiwiri ndiye kunatentha. Mayi wina woyimba pambuyo anaimirira n'kunena kuti bungweli amalidziwa ndi risiti yokha. Anafunsa kuti Loweruka usiku, zida zapakidwa, pulomota wazimitsa foni, ndani wa bungwe amene angamuimbire. A Msungichuma anayankha kuti popanda ndalama za umembala sangalembe munthu woyankha mafoni. Mayiwo anati popanda woyankha foni iwo sakuona chomwe akulipirira. Tinazungulira pomwepo pafupifupi ola lathunthu.

Amene anatichotsapo ndi bambo wina wachikulire, woliza lipenga, amene anakamba za bungwe la oyimba zida la ku America, la American Federation of Musicians. Pa 1 August 1942, motsogozedwa ndi James Petrillo, mamembala ake analeka kulowa mu situdiyo kukajambulira makampani a zimbale. Mwa makampaniwo, Decca inagonja mu 1943, RCA Victor ndi Columbia mu November 1944, n'kuvomera kumapereka kangachepe pa chimbale chilichonse chogulitsidwa, ndipo pofika 1948 panali thumba la Music Performance Trust Fund lolipira oyimba kuti aziyimbira anthu mwaulere. Atsogoleri anaomba m'manja kwambiri. Koma bamboyo anali asanamalize. Anati chinapambanitsa anthu aja si pakamwa pa Petrillo, koma kuti woyimba wamba anakana ntchito yojambula zimbale kwa zaka ziwiri, podziwa kuti mnzake sakalowa kumbuyo kwake. Anaonjezanso kuti oyimba ndi mawu sanali m'bungwemo, choncho makampani ankawajambulabe, kumbuyo kwawo kuli kagulu ka mawu m'malo mwa bandi. Amene mwamusiya kunja ndi amene abwana adzadzere.

Apa ndiyankhule za ife eni ake, poti tili patokha. Pulomota amatinyengerera chifukwa amadziwa kuti bandi ina ikakana, ina ivomera theka, mwinanso kungoyimba kuti akuti idziwike. Inenso ndinachitapo. Ndinatenga shoo yomwe anzanga anaikana, ndipo mpaka lero ndalama yake sindinaione. Tikamaloza chala kulikulu tizikumbukanso zimenezi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zomwe tinagwirizana ndi izi. Pakhala fomu ya mgwirizano ya tsamba limodzi, yonena tsiku, malo, nthawi yoyimba, malipiro, amene abweretse zokuzira mawu, komanso kuti theka la ndalama lizilandiridwa tisananyamule zida. Ndalama za umembala tizilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi pa foni, osadikira kutulutsa zonse kamodzi pa chaka. A Msungichuma azitumiza lipoti la chuma ku nthambi zonse miyezi itatu iliyonse. Poyamba ankazemba, koma nthumwi sizinawasiye. Nkhani ya ndandanda wa mapulomota osalipira inakokedwakokedwa, chifukwa loya wa bungwe anachenjeza kuti kuika dzina la munthu pa Facebook popanda umboni kungatikokere kukhoti. Tinamvana kuti ndandandawo uzisungidwa m'bungwe mokha, ndipo munthu asalembedwemo asanamveredwe mbali yake. Ine ndikanakonda chokhwima kuposa apa, koma ndinavomera.

Zolola ma DJ ndi opanga mabiti mu situdiyo kukhala mamembala zakankhidwira ku msonkhano wotsatira. Ine ndinavotera kuti alowe tsopano, ndipo pambuyo pa nkhani ya bambo wa lipenga uja ndinadabwa kuona manja omwewo amene anaomba aja akukwezedwa kukana. Za thumba lothandiza wodwala ndi wokalamba sindinazifikitse. Nthawi inatha ndili pa mzere, ndipo ndikupepesa chifukwa ena mwa inu munandiuza mochita kubwereza.

Funso la mayi uja la foni ya Loweruka usiku labwezedwa ku nthambi, kuti iliyonse isankhe anthu awiri osinthana. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi. Wachiwiri timusankhe tikakumana, ndipo ndikupempha kuti akhale mayi, poti pali zina zomwe alongo athu sangamasuke kundiuza ine. Mafomu ndawasiya kwa a Mlembi athu. Amene muli ndi ngongole kwa pulomota aliyense, mubwere ndi foni yanu mauthenga ake osafufuta.