Osewera gofu ndi ma caddy awo akufunika dokotala wa mafizo

Bwana Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndilankhulepo za gofu. Anthu ambiri kuno kwathu amangoti awa ndi masewera a mabwana oyenda mwaulemu pa kapinga, palibe chovulaza, koma amene anagwirapo ndodo ija akudziwa kuti si choncho. Pomenya kampira kaja munthu umapotokola msana ndi chiuno mwamphamvu, mbali imodzimodzi yomweyo, kambirimbiri, kwinaku ukuyenda mahole 18 omwe ndi makilomita angapo ndithu, ndiye msana wam'munsimu ndi umene umayamba kulira, kenako chigongono, phewa, bondo, ena mpaka dzanja kulephera kugwira kapu ya tiyi.

Chimene chimandiwawa ine ndi mmene timachitira ululu ukayamba. Timangogula Brufen kapena Diclofenac, kupaka Deep Heat, Loweruka tabwerera pa tee, poyambira kumenya mpira paja, ngati palibe chachitika. Mankhwalawo amangotontholetsa ululu koma chimene chikuwuyambitsa chili pompo. Nthawi zambiri vuto limakhala chiuno cholimba chosatembenuka bwino, kapena minofu ya pamimba yofooka chifukwa sabata yonse munthu wakhala pa mpando ku ofesi, ndiye katundu yense amagwera msana. Dokotala wa mafizo ndi amene amaziona zimenezi, amakuyeza mmene ukupindikira, kukupatsa mafizo oyenera thupi lako, ndikukuuza kuti pumula kaye masabata angapo ngati pakufunika kutero, ngakhale ambirife mawu amenewo sitifuna kuwamva.

Taonani Tiger Woods, katswiri wa gofu wa ku America. Anawina mpikisano waukulu wa US Open wa 2008 bondo lili lowonongeka, pambuyo pake msana unamuzunza mpaka maopaleshoni angapo, mu April 2017 madokotala anachita kumulumikiza mafupa a msana ndipo ambiri anati basi zake zatha. Koma mu 2019 anawina mpikisano wina waukulu wa Masters ku Augusta, ku America. Mpeni wa dokotala pawokha sukanamubwezera pa kapinga, panali miyezi yambiri ya mafizo tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake PGA Tour ndi DP World Tour, mabungwe oyendetsa mipikisano ya akatswiri a gofu, amayenda ndi mathiraki a mafizo kumipikisano yawo yambiri, wosewera amalowamo asanayambe komanso akamaliza.

Ife thiraki sitingakwanitse, ndikudziwa, koma anthu ake tili nawo. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imaphunzitsa physiotherapy, maphunziro a mafizo, ku Blantyre konkuno ndipo achinyamata akumaliza maphunziro chaka ndi chaka. Vuto ndi loti m'mitu mwathu mafizo ndi a munthu wodwala sitiroko kapena wochita ngozi amene wapita ku chipatala cha mafizo cha Kachere, osati a munthu woyenda yekha bwinobwino. Maganizo amenewa asinthe.

Pempho langa lipite kwa a Golf Union of Malawi, makalabu onse kuyambira Lilongwe, Blantyre, Limbe, Zomba mpaka Mulanje, komanso makampani amene amathandiza mipikisano ndi ndalama. Pa bajeti ya mphoto ndi zakumwa zija patulaniko kangachepe mulembe dokotala wa mafizo mmodzi, akhale ndi tenti yake pafupi ndi hole yoyamba, atsogolere anthu kutenthetsa thupi mphindi 10 kapena 15 asanamenye mpira, ndipo wovulala amuone pompo.

Ndipo chonde tentiyo isakhale ya mamembala okha. Ma caddy aja, onyamulira osewera ndodo, amasenza chikwama cholemera paphewa limodzi tsiku lonse padzuwa, ena kuzungulira kawiri kuti apezeko ya ndiwo, alibe medical scheme, phewa likavuta ndiye kuti kunyumba agona ndi njala. Komanso mwa anyamata amenewa ndi mmene mumatuluka osewera athu aluso, ndiye tikawasiya awonongeke misana asanafike zaka 30 tidzatumiza ndani kumipikisano ya kunja? Dokotalayo awaone nawonso, mwaulere, kalabu ilipire.

Wokonda gofu,
Limbe