Kwa Achimwene, pa Nkhani ya Mwana Wanu ndi Chiphunzitso cha Chisinthiko

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndaiwerenga katatu ndisanagwire cholembera, chifukwa sindinafune kukhulupirira zimene munalemba kumapeto, zoti papita miyezi iwiri inu ndi mwana wanu wachisamba musakulankhulana. Moni wa alamu wafika, nafenso kuno tili bwino, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mukuti mnyamatayo atabwera kuchokera ku yunivesite ananena pamaso pa amalume ake kuti sayansi inatsimikiza kale zoti kulibe Mulungu, ndipo inu munayankha kuti m'nyumba mwanu simungakhale munthu amene agogo ake ndi anyani. Ndimakudziwani kuyambira tili anyamata kuti simulola mnzanu kukhala womaliza kulankhula pa mkangano, ndipo mwanayo watengera inu ndithu. Chimene chikundiwawa n'chakuti nonse awiri mwakanganirana zinthu zimene chiphunzitso cha chisinthiko cha zamoyo sichinena n'komwe.

Ine ndimadana ndi mawu akuti "kusanduka" amene munawagwiritsa ntchito kanayi m'kalata yanu, ndipo ndikuganiza kuti theka la mkangano wanu lagona pa mawu amenewa. Tikati chinthu chasanduka, m'maganizo mumabwera munthu amene wagona ali munthu n'kudzuka ali fisi, ndipo aliyense wanzeru ayenera kukana zoterozo. Komatu palibe wasayansi amene amaphunzitsa kuti nyani wina anadzuka m'mawa ali munthu, kapena kuti nyani anabereka mwana wa munthu. Cholengedwa chimodzi chimafa momwe chinabadwira. Chimene chimasintha ndi mtundu wonse, pang'onopang'ono, mibadwo ikamalowana m'malo.

Zimachitika motere. Ana a mayi mmodzi safanana ndendende, ndipo kusiyana kwawo kwina amapatsira ana awo kudzera m'majini, timalangizo ta m'thupi totengera kwa makolo, tolembedwa mu chinthu chotchedwa DNA. Nthawi zina malangizo a mu DNA akamakopedwa pamalowa kakusintha kakang'ono, ndipo pamenepo ndi pamene pamachokera zachilendo. Ndiye popeza zamoyo zimabereka ana ambiri kuposa amene angakule, amene ali ndi kakusiyana kowathandiza pamalo pamene akukhalapo ndi amene amapulumuka mochuluka n'kusiya ana ambiri. Wasayansi wa ku England Charles Darwin anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1859, ndipo Alfred Russel Wallace anafika pa ganizo lomwelo payekha, moti zolemba za awiriwa zinawerengedwa limodzi ku London mu 1858.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ndi cha timbalame ta pa kachilumba ka Daphne Major ku zilumba za Galápagos m'nyanja ya Pacific, timene asayansi Peter ndi Rosemary Grant anatiyeza kwa zaka zambiri. Mu 1977 kunagwa chilala choopsa, njere zing'onozing'ono zofewa zinatha, n'kutsala zikuluzikulu zolimba. Timbalame tambiri tinafa ndi njala, ndipo pakati pa totsalato panachuluka tamilomo yokulirapo, totha kuswa njere zolimbazo. Ana amene anaswedwa pambuyo pake anali ndi milomo yokulirapo poyerekeza ndi mbadwo wa chilala chisanagwe. Taonani, achimwene, palibe kambalame kamene kanakulitsa mlomo wake chifukwa chofuna. Imfa inatenga tina, kubereka kunachulukitsa totsalato, ndipo gulu lonse linasintha. N'chimodzimodzinso ndi tizilombo toyambitsa malungo, timene tinayamba kupirira klorokwini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku Asia ndi ku South America, mpaka mankhwalawo anasiya kugwira ntchito m'maiko ambiri. Inu amene mumakalipira aliyense wosamaliza mankhwala ake mwakhala mukuvomereza chisinthiko osadziwa.

Pa za anyani, chimene asayansi amanena n'chakuti anthu ndi achimpanzi anachokera ku kholo limodzi limene linakhalako zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo kuchokera pamenepo nthambi iliyonse inayenda njira yake. Msuweni wanu sanakuberekeni, koma muli ndi agogo amodzi. N'chifukwa chake funso limene munalemba ndi zilembo zikuluzikulu, loti anyani alipobe bwanji ngati anasanduka anthu, silikugunda pomwe mukufuna.

Tsopano ndinene za mwanayo, chifukwa nayenso wadumpha malire. Sayansi imayeza zinthu zoti zingayezedwe, monga milomo ya mbalame, mafupa ndi majini, ndipo pa zimenezi umboni wa chisinthiko ndi wolimba kwambiri. Koma kuchoka pa kunena kuti zamoyo zimasintha motere n'kufika pa kunena kuti kulibe Mulungu ndi kulowa m'nkhani ina, imene palibe chipangizo choyezera chingaigamule. Gregor Mendel, amene anatulukira malamulo a kutengera kwa makolo poyesa nsawawa mumzinda wa Brno ku Ulaya, anali wansembe. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga majini onse a munthu, ndi Mkhristu wosabisa. Papa John Paul II ananena mu 1996 kuti chisinthiko chaposa pa kungokhala ganizo longoyerekeza. Sindikubisa kuti kwa munthu amene amawerenga masiku asanu ndi limodzi a m'Genesis ngati masiku a maola 24, kuwombana kulipo ndithu, ndipo inu muyenera kulimbana nako moona mtima. Ine ndinalimbana nako zaka zambiri, ndipo mpaka lero ndimagwada kupemphera usiku uliwonse popanda kukana chimene mafupa ndi majini akuonetsa.

Chimene sindingagwirizane nacho ndi kutchula mwana wanu kuti wotayika kapena wopanda khalidwe. Ndadziwa anthu osakhulupirira kuti kuli Mulungu amene ndi oona mtima ndi achifundo, ndipo ambiri a iwo anauma mtima pamene mafunso awo anayankhidwa ndi chipongwe. Ndadziwanso osakhulupirira ena amene amayesa wopembedza aliyense mbuli, ndipo mwano umenewo umapweteka mofanana. Koma mwana amene wafunsa chifukwa chake chilengedwe chadzaza ndi imfa ndi kuvutika wafunsa funso lenileni, limene Yobu naye anafunsa. Kodi munamufunsako kuti zinayamba liti? Ine ndikukayikira kuti zinayambira m'kalasi, chifukwa ndikukumbukira mmene anakhalira chete pa maliro a mlongo wake, ndipo kuyambira pamenepo sindinamuonenso akuimba.

Ndikulemba izi ndikuganiza za banja la Darwin yemweyo. Mkazi wake Emma anali wokhulupirira kwambiri, ndipo ankada nkhawa ndi kukayika kwa mwamuna wake mpaka kumulembera kalata ali m'nyumba imodzi. Mwana wawo Annie anamwalira mu 1851 ali ndi zaka 10, ndipo imfayo inamusweratu mtima bamboyo. Darwin sankadzitcha wokana Mulungu, ankati ndi munthu wosadziwa ngati Mulungu alipo kapena ayi, ndipo mu 1879 analemba kuti munthu angathe kukhulupirira Mulungu ndi mtima wonse n'kumavomerezanso chisinthiko. Awiriwa anakwatirana mu 1839 ndipo anakhala limodzi mpaka Darwin atamwalira mu 1882, akusiyana maganizo pa nkhani yomweyi imene yakutsekani pakamwa inu ndi mwana wanu.

Chonde muimbireni asanabwerere kusukulu, ndipo musayambe ndi anyani. Muuzeninso kuti ndikufuna andilembere yekha, chifukwa ndili ndi mafunso anga pa zimene akuphunzirazo, ndipo alamu musawaike pakati, avutika kale mokwanira. Maso ayamba kuwawa ndipo pepala latsala pang'ono. Ndinafuna kukuuzaninso za mafupa a cholengedwa china, a zaka zoposa 3 miliyoni, amene anapezeka ku Hadar, ku Ethiopia, mu 1974, chifukwa chiuno ndi bondo lake zikuonetsa kuti cholengedwacho chinkayenda ndi miyendo iwiri pamene ubongo wake unali udakali waung'ono, koma ndilibenso polemba.

Ine mnzanu wakale.