Kalata yochokera ku Hartford: chikho chatsaliranso ku UConn

Hartford, Connecticut
15 Epulo 2024

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Munandifunsa za timu ya basketball ya anyamata a pa University of Connecticut, imene kuno timangoitchula kuti UConn, ndipo ndinachedwa dala kuyankha poyembekezera kuti mpikisano uyambe watha.

Lolemba lapitali, pa 8 Epulo, anyamatawa anagonjetsa Purdue ndi mapointi 75 kwa 60 ku Glendale, m'chigawo cha Arizona, n'kutenga chikho cha NCAA, mpikisano waukulu wa makoleji a kuno ku America, kachisanu ndi chimodzi. Anachitenganso chaka chatha, ndipo chichitireni Florida mu 2006 ndi 2007 panalibe sukulu ina imene inachitenga zaka ziwiri zotsatizana. Pa masewero 40 a chaka chino anagonja katatu kokha, kwa Kansas, Seton Hall ndi Creighton, konseko ali koyenda.

Ine poyamba ndinali wokayika, chifukwa Adama Sanogo wa ku Mali uja, Jordan Hawkins ndi Andre Jackson, amene ananyamula timuyi chaka chatha, onse anali atachoka kupita ku NBA, ligi yaikulu ya akatswiri a basketball. Koma mphunzitsi wawo, Dan Hurley, munthu wosachedwa kupsa mtima amene amakalipira oimbira ngati wabedwa mbuzi, anaumba timu yopanda mwini mpira. Mukanaona mmene ankapatsirana, wina kutchinga, wina kuzemba kumbuyo, mpaka otsekereza a timu inayo atasokonezeka, mukanakumbuka zimene tinkalephera kuchita pa bwalo lathu la simenti lija.

Sewero limene sindidzaliiwala ndi la Illinois ku Boston. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, matimu anali ofanana pa 23, kenako UConn inamwetsa mapointi 30 motsatizana, anzawo osapeza ngakhale imodzi. Donovan Clingan, mwana wa konkuno ku Bristol wotalika mamita oposa awiri, anaima pansi pa nkata n'kumabweza mpira uliwonse wobwera pafupi. Tiyi amene ndinathira pa nthawi yopuma ndinadzamupeza atazizira.

Pa fainolo nzeru za Hurley zinaonekera poyera. Purdue inali ndi chimphona Zach Edey, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'makoleji onse zaka ziwiri zotsatizana. M'malo momuunjikira anthu awiri kapena atatu monga ankachitira ena, anamusiya kuti alimbane ndi munthu mmodzi, ndipo enawo anakakamira oponya chapatali. Edey anapeza mapointi 37, koma timu yake yonse inangolowetsa mpira umodzi wa mapointi atatu. Tristen Newton, amene ankayendetsa masewero mosapupuluma, ndiye analandira mphoto ya wosewera bwino koposa.

Loweruka ndinaima m'mbali mwa msewu kuno ku Hartford pamene osewerawo ankadutsa ndi chikho, ndipo gogo wina wovala jekete yokhala ndi chithunzi cha galu wa Husky, chizindikiro cha timuyi, anandigwira dzanja mwamphamvu ngati tinadziwana kale. Ndakugulirani chipewa cha timuyi. Ndidzapatsira aliyense wobwera kumudzi.

Mundiperekere moni kwa onse.

Ine bwenzi lanu la ku Hartford