Mafoni munatiikira mu ofesi aja akutimenya shoko

Inu a kampani amene munatiikira mafoni a intaneti ku ofesi kwathu ku Ginnery Corner, ndalemba pano pa peji yanu poti ku inbox mumangowerenga osayankha, ku customer care nako nyimbo ndi yomweyo yoti tekinishani akubwera.

Mafoni anuwa akutigwiritsa nyesi. Ukakhudza kumbuyo pomwe palowa kebulo ya netiweki paja, kapena dzanja lina lili pa foni lina watsamira kabati ya chitsulo, umangomva kuti njenjenje kuyambira chala mpaka m'chigongono. Mayi athu a pa risepishoni amavala headset tsiku lonse, iwo zinawagwira pa khutu penipeni, pano akuopa moti akuyankhira pa sipika, aliyense amene wakhala pa benchi akumva nkhani za makasitomala anzake. Mvula ikagwa anthu n'kulowa ndi nsapato zonyowa ndiye zimanyanya.

Mnyamata wanu atabwera anati ndi static ya kapeti. Akuluakulu, mwathu muno ndi matailosi, komanso static imathetheka kamodzi basi yatha, izi sizisiya ukakhala ukugwirabe. Kenako anasintha akuti vuto ndi mawaya a nyumba. Tinaitana wa zamagetsi wathu, wa chiphaso cha MERA, wayeza masoketi onse earth ili bwinobwino. Vuto walipeza mu kabokosi kanu ka pakhoma kaja. Switch yomwe imatumiza magetsi ku mafoni onse kudzera mu kebulo, PoE ya 48 volts ija, anyamata anu anaipatsa pulagi ya mano awiri n'kuikakamiza mu soketi ya mano atatu, ndipo pa sikuluu ya earth kumbuyo kwake palibe waya olo umodzi. Ndiye nyesi zothawa ku 230 volts zipita kuti? Zikudutsa mwa munthu amene wagwira foni. Wa zamagetsi wathuyo sanafune kukonza poti mu kontirakiti munalemba nokha kuti wina akakhudza zida zanu warranty yatha, pamenepo nafe manja mwatimanga.

Bilu yokha ndiye simuchedwa nayo mwezi ukatha. Tumizani munthu wodziwa ntchito sabata ino, aike pulagi yoyenera, amange earth, ayeze foni iliyonse ife tikuona, atisiyire lipoti lolemba. Muli anthu muno, wina ndi woyembekezera, sitingadikire mpaka munthu agonekedwe ku Queens. Likafika Lachisanu muli chete kalata tikukasiya ku MACRA ndi ku CFTC, bungwe loteteza ogula lija, zithunzi za pulagiyo tajambula kale.