Alangizi, tiuzeni miyezo ndi malita basi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono za miyezo yomwe yandizunguza mutu mwezi wathawu. Ine ndimafesa mbande za mitengo m'machubu kuno ku Dedza, ndiye ndinaonera vidiyo pa YouTube, mlimi wina wa ku America akusakaniza dothi la nazale, iye nkumati chubu chimodzi chimadya quart imodzi ya dothi (quart ndi muyezo wa kwawoko). Ine ndinali ndi oda ya mbande 1,000, ndipo wa lole amene amandibweretsera dothi ndi mchenga sadziwa za quart, iye amawerenga ma kiyubiki mita, ngati mmene bilu ya madzi imabwerera.

Ndinafunsa foni, yati kiyubiki mita imodzi ndi ma quart 1,057. Ndinati eya zatheka, imodzi ikwana mpaka kutsalako. Ndinalipira, anyamata nkuyamba kuthira, koma tisanafike kumapeto mulu unatha, machubu pafupifupi 90 ali gwaa opanda kanthu, ine nkuyamba kukalipira wa lole kuti wandibera pomwe munthuyo analibe mlandu olo pang'ono.

Amene ananditsegula maso ndi mphwanga wophunzitsa masamu ku sekondale. Kani ma quart alipo atatu! Ku America ili ya zamadzimadzi, monga mkaka kapena oilo wa galimoto, yomwe ndi malita 0.946, ndiyo foni inandipatsa ija. Komweko ilinso ina ya zouma, ya mbewu ndi dothi logulitsa m'matumba, iyo ndi malita 1.101, ndiye mu kiyubiki mita mumangolowa 908. Chotsani 908 pa 1,000 muona pomwe machubu anga anasowera. Yachitatu ndi ya ku Britain, malita 1.137, mu kiyubiki mita zimakwana 880 zokha. Akuti a ku Britain anasintha galoni yawo mu 1824 pomwe a ku America anakakamira galoni yakale ya vinyo, ndipo poti quart ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a galoni, nayonso inasiyana. Zawo zimenezo, koma wolira ndi ine wa ku Dedza.

Chomwe chikundiwawa nchoti njira yosavuta inalipo. Kiyubiki mita ndi malita 1,000 ndendende, kutanthauza zigubu 50 za malita 20 zija timatungira madzi, kapena migolo 5 ya malita 200. Ndikanangoyeza chubu changa ndi botolo la lita ndikanadziwa tsiku lomwelo.

Ndiye pempho langa kwa alangizi a zaulimi ndi inu a nyuzi, mukamatenga malangizo a kunja muzitisinthiratu kukhala malita ndi zigubu, osangokopera ma quart ndi magaloni osanena kuti ndi a dziko liti. Wa lole uja ndinakamupepesa, koma mtengo wa ulendo wachiwiri sananditsitsire ngakhale kwacha imodzi.

Wofesa mbande,
Dedza